Kupusha Mawu Athu a Kumunda

Tinali atatu pa ntchito ija. Ine ndimaphunzitsa Chinyanja pa sukulu ina ya pulayimale cha ku Mkaika, ndipo nthawi imeneyo n'kuti nditagwira choko zaka zoposa makumi awiri. Wachiwiri anali mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi ku koleji ya aphunzitsi. Iye anamutumiza ku Vubwi, ndipo kumeneko anadzakhala mphunzitsi wa makompyuta. Wachitatu anali bambo wina wa ku Sinda, mkulu wa mpingo, amene anapuma pa ntchito ya uhedi. Tonse tinkangowatchula kuti a Hedi.

Tinakumana pa msonkhano wa aphunzitsi ku Katete, ndipo pa nthawi ya tiyi tinapezeka kuti tikudandaula chinthu chimodzi. Mabuku owerenga a ana aang'ono ali ndi mawu abwino, koma mwana wa mlimi akafuna kulemba zimene waona m'munda mwa makolo ake, mawu ake sawapezamo. Tinagwirizana zosonkhanitsa mawu a kumunda ndi a pakhomo, liwu lililonse ndi tanthauzo lake, komanso chiganizo chimodzi chachifupi choti mwana wa giredi yachiwiri n'kuwerenga yekha.

Chaka choyamba tinkagwiritsa ntchito fulashi, kachipangizo kosungiramo mafayilo a pa kompyuta. Ine ndikalemba mawu anga, fulashiyo inkakwera minibasi m'envulopu kupita ku Sinda, a Hedi n'kuwonjezera awo, kenako inkadikira munthu wa ulendo wa ku Chipata woti akaipereke kwa wina wopita ku Vubwi. Kuti ibwerere kwa ine pankatha mwezi. Podikirapo aliyense ankapitiriza kulemba payekha. Posakhalitsa pa laputopu yanga panali fayilo yotchedwa "mawu", ina "mawu atsopano", ina "mawu omaliza", inanso "mawu omaliza enieni", ndipo mwini wakene sindinkadziwa kuti yoyenera ndi iti. Tinayesa kutumizirana pa foni, koma mafayilo anangoswana. Chimene chinatipweteka kwambiri n'chakuti a Hedi anatha milungu iwiri akukonza zilembo pa fayilo yakale imene ife tinali titaisiya kale. Atazindikira sanakalipe. Anangoti apalira munda wokolola kale.

Mnzanga wa ku Vubwi ndiye anabwera ndi nzeru. Pa tchuthi cha mu Ogasiti anadzacheza kwathu masiku atatu, ndipo Loweruka m'mawa tinakatsegula kalasi yanga, poti ndimo muli soketi ya sola. Anandiuza kuti anthu olemba mapulogalamu a kompyuta ali ndi chida chotchedwa git, chimene amasungira ntchito yawo akamagwira ambiri, aliyense ali kwawo. Pa intaneti pamakhala malo amodzi osungirako zonse. Iye ankati ripo, koma ine lilime linakana, ndinayamba kunena kuti nkhokwe, mpaka tonse tinazolowera choncho. Aliyense amakhala ndi ntchito yonse pa kompyuta yake, akasintha kanthu amatumiza ku nkhokweko, ndipo chidacho chimakumbukira amene wasintha, mzere umene wasintha, ndi tsiku lake.

Ndinali ndi mafunso ambiri kuposa amene iye anakonzekera. Ndinafuna kudziwa kuti nkhokweyo ili m'dziko liti, akuiyang'anira ndani, nanga magetsi akazima kumeneko mawu athu amalowera kuti. Anayankha zimene ankadziwa: kuti ndi makompyuta akuluakulu a kampani ina ya kunja, komanso kuti nkhokwe yathu waitseka, oiona ndife atatu basi. Za magetsi anavomera kuti sadziwa, koma anati n'chifukwa chake aliyense amasunganso zonse pa makina ake. Ndinafunsanso kuti ife aphunzitsi a Chinyanja tikubwerekeranji khasu la anthu a mapulogalamu. Anati chidacho sichisiyanitsa, chimangoona mizere ya zilembo. Motero anatichotsa pa pulogalamu yolembera makalata imene ndinazolowera, ya zilembo zokongoletsa ija, n'kusandutsa ntchito yathu fayilo ya zilembo zokhazokha, liwu lililonse pa mzere wake.

Kenako anatsegula windo lakuda pa sikirini ya laputopu. Munalibe chithunzi, munalibe batani loti munthu adine. Munali kamzere koyera kokha, kakuphethira. Kunena zoona windo limenelo linandikopa. Zaka zonsezi ndinkadina tizithunzi osadziwa zimene zikuchitika kuseri. Apa ndinkalemba lamulo ndi zala zanga, makina n'kundiyankha ndi mawu, ngakhale kuti Chingelezi chake chinali cha anthu osakonda kulonjera.

Anandilembetsa malamulo m'kope langa la mapulani a phunziro. Loyamba linali git add, losankhira fayilo imene ndikufuna kuti isungidwe. Lachiwiri linali git commit, losungira zimene ndasintha, ndipo pamenepo munthu amalembapo uthenga waufupi wonena zimene wachita. Nditamva liwu limeneli maganizo anga anathamangira ku komiti ya makolo ndi aphunzitsi, ndipo ndinafunsa ngati kunjako kuli anthu amene amakhala pansi kuvomereza ntchito yathu. Mnzangayo anaseka mpaka kugwira desiki. Lachitatu linali git push, lotumizira ku nkhokwe, ndipo kuyambira tsiku limenelo tinayamba kunena kuti kupusha. Zonse zinayenda bwino Loweruka limenelo, chifukwa zala zambiri zimene zinkagunda mabatani zinali zake. Lolemba anakwera minibasi kubwerera kwawo.

Sukulu itatsegulidwa ndinali ndi mawu angapo atsopano okhudza kukolola nshawa: kuthothola, kuyanika, makoko, ndi ena otero. Ndinawalemba pa nthawi yopuma, ndinatsegula windo lakuda, ndinatsegula kope. Lamulo loyamba linadutsa osayankha kanthu, zimene mnzanga anali atandiuza kuti ndi chizindikiro chabwino. Lachiwiri linayankha kuti fayilo imodzi yasintha, mizere yakutiyakuti yawonjezedwa. Ndinatseka laputopu ndili ndi chimwemwe cha mwana amene wakhoza masamu onse, n'kumuimbira foni kuti aone.

Anayang'ana, anati kulibe chatsopano. Ndinamuuza kuti ayang'anitsitse, chifukwa makina avomera ndi maso anga ndikuona.

"Wapusha?" anafunsa.

"Ndasunga."

"Wasunga m'nyumba mwako, mnzanga. Kuno sikunafike kanthu."

Nditayang'ana m'kope ndinapeza kuti malamulo awiri anathera m'munsi mwa tsamba, ndipo lachitatu linali kuseri. Sindinatembenuze tsamba.

Manyazi atatha, funso linatsala. Ndinafuna kudziwa chifukwa chimene anthu anzeru amene anapanga chidachi anagawira ntchito imodzi pawiri, kusunga payekha, kutumiza payekha. Mnzanga anandifotokozera kuti kusunga sikufuna netiweki. Munthu akhoza kusunga lero, mawa, mkuja, ali pakati pa tchire, n'kudzatumiza zonse pamodzi tsiku limene wapeza netiweki. Ndinaona kuti ngakhale anthuwo sanafikepo kwathu, anaganiza ngati anthu odziwa sukulu yathu, kumene netiweki imabwera ndi mphepo n'kupitanso ndi mphepo.

Tsiku lomwelo ana ataweruka ndinayesa kupusha. Windo linandifunsa dzina, ndinalemba. Linandifunsa pasiwedi, ndinalemba imene ndimalowera pa tsamba la nkhokwe, koma pa sikirini sipanaoneke ngakhale kadontho. Ndinaganiza kuti mabatani afa. Ndinalembanso, n'kudina, ndipo linakana. Nditaimbanso foni mnzanga anandikumbutsa zinthu ziwiri zimene anati anandiuza kale, ngakhale ine sindikukumbukira. Windo lakuda limabisa dala zimene ukulemba pa pasiwedi, kuopa woima kumbuyo kwako. Ndiponso silifuna pasiwedi ya masiku onse ija, limafuna kiyi yaitali imene anandipangira n'kundiuza kuti ndiikopere kumapeto kwa kope.

Kiyiyo inalidi kumapeto kwa kope, mzere wautali wa zilembo ndi manambala osakanizika opanda tanthauzo. Ndinailemba katatu, katatu konse inakana. Nditaiyang'ana bwino ndinapeza vuto. Ziro ndi chilembo cha O ndinazilemba mofanana, ndipo panali kamtengo kena koimirira kamene sindinkadziwa ngati ndi wani kapena l wamng'ono. Ine amene ndimabweza makope a ana chifukwa cha zilembo zosaoneka bwino. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuyesa mmodzimmodzi, ndikulemba pambali zimene ndayesa kale, ndipo ndisaname, ntchito imeneyi inandikoma ngati kumasula mfundo pa chingwe. Windo litavomera kiyi, netiweki inathawa.

Kuseri kwa bwalo la mpira kuli chulu chachikulu chimene aphunzitsi tonse timachidziwa, chifukwa ndipo pamagwira foni. Ndinanyamula laputopu, ndinayala chitenje pamwamba pa chulucho, ndinalumikiza foni. Mayi wina amene ankachokera ku mjigo anaima ndi ndowa pamutu n'kufunsa ngati a madamu ayamba kuphunzitsa chiswe. Ndinamuuza kuti ndikutumiza mawu kunja. Anafunsa kuti mawu anji, ndipo nditamuuza kuti kuthothola ndi makoko anapukusa mutu pang'onopang'ono, kuopa kutaya madzi, n'kumapita.

Mizere ingapo inathamanga pa windo lakuda, manambala anakwera mpaka kufika kumapeto, kenako kamzere koyera kanabwerera pamalo pake. Palibe chinalira, palibe chinandiyamikira. Ndinatsegula tsamba la nkhokwe pa foni, ndipo ndinaona mizere yanga yatsopano itapakidwa mtundu wobiriwira, pamwamba pake pali uthenga wanga uja wakuti "mawu a nshawa". Ndinakhala pa chulupo nthawi ndithu ndikutsegula ndi kutseka tsambalo. Ndinkaganiza kuti mawu amene ndinawamva kwa amayi anga ndili mwana awoloka nyanja, akakhala m'makina a anthu amene sanaonepo nshawa ili m'nthaka, n'kubwereranso m'manja mwanga mbuzi imene inali patsogolo panga isanamalize chitsamba chimene inkadya.

Ntchito yophunzitsa a Hedi inagwera ine, poti Sinda ndi pafupi. Ndinapita Loweruka lina ndili ndi nkhawa, chifukwa bambowo anali atapitirira zaka makumi asanu ndi awiri ndipo ankalemba pa kompyuta ndi chala chimodzi. Nkhawa yanga inali yachabe. Anatenga kope latsopano ndi rula, analemba sitepe iliyonse pa mzere wake ndi nambala yake, kiyi yaitali ija anaikopera ndi zilembo zooneka ngati zosindikiza, ziro aliyense atamudula ndi kamzere pakati. Sanafunse kuti nkhokwe ili kuti. Funso lawo linali limodzi: ngati munthu wakonza liwu molakwika, kodi zimene zinalipo poyamba zikhoza kuonekanso? Nditawaonetsa mbiri ya fayilo, mzere wakale uli wofiira, watsopano uli wobiriwira, anagwedeza mutu n'kunena kuti chida chimenechi n'chaulemu. Kuchokera tsiku limenelo sanalakwitsepo sitepe. Chokhacho, uthenga waufupi uja iwo ankaulemba ngati kalata, kuyamba ndi moni, kufotokoza kuti akonza mawu anayi ndi zifukwa zake, n'kumaliza ndi mafuno abwino kwa mabanja athu. Mnzanga wa ku Vubwi anafuna kuwauza kuti afupikitse, ine ndinamuletsa.

Miyezi iwiri inadutsa zinthu zikuyenda. Ndinazolowera lamulo lina, git pull, lokokera pa makina anga zimene anzanga atumiza. Ndiye tsiku lina ndikuwerenga fayilo yonse kuchokera pamwamba ndinapeza mzere umene mnzanga wa ku Vubwi analemba kalekale: mtedza, tanthauzo lake, ndi chiganizo chakuti amayi akazinga mtedza. Ndinaganiza kuti ana anga sanena choncho, amati nshawa. Ndinakonza, ndinasunga, ndinapita pa chulu.

Kupusha kunakana. Windo linati ku nkhokwe kuli ntchito imene ine ndilibe, ndiyambe ndakoka. Ndinakoka, ndipo linandiuza kuti pali kusagwirizana m'fayilo. Ndinatsegula fayiloyo. Pakati pa mawu athu panali mizere yachilendo imene palibe anailemba: timivi tambiri toloza kumanzere, pansi pake mzere wanga wa nshawa, kenako timizere togona tondondozana, kenako mzere wina, n'kumaliza ndi timivi toloza kumanja. Ndinaganiza kuti ndawononga ntchito ya chaka chonse.

Mnzanga anandiuza pa foni kuti ndiwerenge mzere wachiwiriwo mokweza. Unali wofanana ndi wanga, kusiyana liwu limodzi. Unali wakuti nsawa. A Hedi anali atakonza mzere womwewo sabata yomweyo, n'kupusha ine ndisanatero.

"Sunawononge kanthu," anatero mnzanga. "Anthu awiri mwasintha mzere umodzi. Makina akana kusankha. Akuti musankhe nokha."

Anandiuza kuti ntchito yake ndi yaing'ono, kufufuta timivito ndi mzere umene sindikuufuna, n'kusunganso. Ndikanatha kumaliza pomwepo, koma sindinafufute kanthu. Ndinazindikira kuti nthawi ya fulashi zimenezi zikanadutsa mwakachetechete. Womaliza kulemba ndiye akanapambana, ndipo palibe akanadziwa kuti panali mawu atatu. Ndinayamba kudzifunsa kuti ndi mizere ingati imene tinafufutirana chaka chathachi, aliyense akuganiza kuti akukonza cholakwa cha mnzake.

Ndinawaimbira a Hedi. Nditawafotokozera anati amayi awo mpaka kumwalira ankati nsawa, ndipo iwo ankaganiza kuti nshawa ndi kalankhulidwe ka m'tauni. Ndinawauza kuti ine ndinabadwira kumudzi ndipo kwathu tinkati nshawa. Mnzanga wa ku Vubwi, titamulumikiza pa foni yomweyo, naye sanagonje. Anati ana ake ambiri ali ndi achibale kutsidya kwa malire, wailesi imene amamvera ndi ya ku Malawi, ndipo kwa iwo ndi mtedza basi.

"Ndiye tifufute liti, bambo?" ndinafunsa.

"Musafufute lililonse, amayi. Lembani onse, mulembenso kumene linamveka."

Chisankho chimenecho chinasintha ntchito yathu yonse. Mzere uliwonse unafunika kukhala ndi malo olembapo mawu ena ofanana nalo ndi dera lake, ndipo tinayenera kubwerera pamwamba n'kuyambanso kuyang'ana liwu lililonse. Ine ndinayamba chizolowezi chatsopano. Ndikapita ku msika ku Katete ndinkaloza chinthu n'kufunsa wogulitsa kuti kwawo amati chiyani, kenako n'kumufunsa kuti kwawoko ndi kuti. Wina ankati mbatata, woyandikana naye kandolo. Wina matimati, wina tomato, ndipo mayi wina wachikulire anandiuza kuti phwetekere ndi tating'onoting'ono tomera tokha pa dzala, ndisasokoneze. Ena ankandiyang'ana ngati munthu wa boma amene wabwera kudzafufuza, koma ambiri ankakondwa, mpaka kuitana anzawo kuti adzatsutsane. Kusagwirizana m'fayilo kunabweranso kangapo, ndipo ndinayamba kumasangalala ndikaona timivi tija, chifukwa ndinkadziwa kuti pakati pake pali chinachake chimene sindinkachidziwa.

Mu Januwale mvula inagwa yamphamvu masana ena tili pa msonkhano wa makolo m'tchalitchi. Laputopu ndinaisiya pa tebulo m'kalasi, pansi penipeni pa lata limene linali ndi kabowo ka msomali. Nditabwerera ndinaipeza m'chithaphwi. Wokonza mafoni ndi makompyuta ku Katete anaitsegula, anainunkhiza, n'kundiuza kuti zamkati zapsa.

Ndinabwereka kompyuta ya mphunzitsi mnzanga wa m'tauni momwemo. Mnzanga wa ku Vubwi anandiwerengera pa foni lamulo limene ndinali ndisanaligwiritsepo ndekha, git clone, lotsatizana ndi adiresi ya nkhokwe. Ndinalemba, ndinapereka kiyi, ndipo pasanathe mphindi foda yathu inaonekera pa kompyuta ya eni, mawu onse ali momwemo, ndi mbiri yake yonse kuyambira Loweruka lija la mu Ogasiti. Ndinatsika nayo mpaka kumapeto kufunafuna chimene chikusowa, ndipo ndinachipeza. Mawu a ulimi wa thonje munalibe. Ndinali nditawatenga kwa alamu anga, achimwene a amuna anga, amene amalima thonje chaka ndi chaka. Ndinawalemba n'kuwasunga pa laputopu, koma chifukwa cha matope ndinazengereza kukwera chulu masiku awiri. Kapepala kamene ndinalembapo poyamba ndinali nditayatsira mbaula.

Loweruka lotsatira ndinapalasa njinga kupita kwa alamuwo. Ndinawapeza m'munda akuchotsa mbande zina pa phando kuti zotsalazo zikule bwino. Nditawauza chimene ndabwerera anaseka, n'kufunsa ngati makina a azungu nawonso amaiwala. Ndinawauza kuti woiwala ndine. Anapukuta manja pa buluku, tinakhala pa mzere, n'kuyambanso: kupopera, mbozi, belo, kusankha thonje loyera ndi lothimbirira.

Ulendo woyamba uja tinali awiri. Ulendo uno akazi awo anali pomwepo, mizere iwiri kuchokera pamene tinakhala, ndipo sanasiye ntchito koma makutu anali kwa ife. Alamu atanena kuti ntchito imene akugwirayi ndi kupatulira, mayiwo anayankha osadzutsa mutu kuti kwawo ku Sinda amati kuzulira. Alamu atanena za kukolola thonje, mayiwo anaimirira, anagwira m'chiuno, n'kunena kuti thonje sakolola, amatola, ndipo amene amalitola m'banja limenelo ndi iwo, ndiye ndifunse iwowo. Ndinatembenuza tsamba la kope n'kusamukira pa mzere wawo. Anandipatsa mawu ambiri kuposa amene ananyowa ndi mvula, ena oti amuna awo anavomera kuti akuwamva koyamba atakhala m'banja zaka zonsezo. Dzuwa litafika pamutu anandipatsa mbande zingapo zozulidwa kuti ndikaonetse ana m'kalasi, ndipo ndinazimangirira pa kaliyala wa njinga ndi luzi.